Chipewa cha M'belo pa Msika wa Tsoka

Dzuwa lisanatuluke bwino, timilatho tamitengo ta pamtsinje wa Lilongwe tayamba kale kugwedezeka ndi mapazi. Ochokera kutsidya, ku msika wa Lizulu, akuwoloka atasenza matumba, ndipo kuno ku Tsoka anyamata akugubuduza mabelo a kaunjika olemera makilogalamu 45. Mpeni ukangodula zingwe, belo limafufuma n'kulavula zovala za ku Ulaya, ku America ndi ku China. Opikula akulimbirana majinzi ndi majekete. Phokoso litazizira, pansi pa mulu patsala chinthu chabulawuni chophwatalala, chopanda ochifuna.

Cha m'ma 9 koloko mkulu wina wa imvi akuwerama n'kuchitola.

"Madala, chimenecho n'chotha," akutero mnyamata wogulitsa.

"Sichinathe, mwana wanga. Changogona."

Ndi chipewa cha ubweya wopsinja, cha mtundu umene akuluakulu amautcha Wilisoni, dzina lomwe ankatchulira chipewa chimene Dr Hastings Kamuzu Banda sankasiyana nacho pamodzi ndi suti ndi litchowa. Abambo obwera ku Joni pa Wenela ankatsika nazo m'midzi zipewa zoterezi, mpaka ulendowo utaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Mkati mwa ichi mukuonekabe zilembo zofufutika za Stetson, kampani imene John B. Stetson anayambitsa ku Philadelphia mu 1865. Mkuluyo akuchiyang'anitsa padzuwa kuti aone ngati njenjete zinaboola. Palibe bowo. Akulipira osanenerera.

Ntchito ikuyambira pakhonde la telala. Sopo ndi ndowa sizikufunika pano, chifukwa ubweya wotere ukanyowa kwambiri umakwinyika ndi kuchepa. Telala akutenga bulashi yofewa yoyera, n'kumapukuta fumbi motsata mmene ubweya unagonera. Pamphumi pali banga la mafuta a m'mutu mwa mwini wake woyamba. Akuthirapo ufa woyera wouma kuti uyamwe mafutawo, n'kuchiika pambali. Kenaka akuzunguliza tepi pamutu pa mkuluyo, pamwamba pang'ono pa makutu: masentimita 58.

Masana msika wapsa. Utsi wa chiwaya ukusakanikirana ndi fungo la zovala za m'belo, mawilibala akupempha njira, oitanira malonda asasa mawu. Wosoka nsapato wa pafupi wachotsa chikopa chakale cha mkati, chomwe chinauma n'kung'aluka, ndipo akudula china chofewa pa muyeso womwewo.

Chodabwitsa chikuchitikira pa mbaula ya mayi wogulitsa tiyi. Ketulo itawira, telala akukung'untha ufa uja, n'kuyandikiza chipewa pa nthunzi yotuluka kukamwa kwa ketuloyo, pang'onopang'ono, mbali imodzi ikatha ina. Ubweya umene unali gwa ukuyamba kumvera. Ndi zibakera ziwiri mkati akutukula denga la chipewa, ndi chala chachikulu akubwezera mzere wapakati, kenaka akutsina timaenje tiwiri takutsogolo pogwirira. Alibe chikombole chamtengo chimene opanga zipewa amagwiritsa ntchito, choncho akuchiveka pa kapoto kovundikira kokutidwa ndi nsalu. Mlomo wozungulira akuusita ndi simbi yamakala yofunda chabe, atayalapo kansalu konyowa.

Anthu aima kuonerera. Ana onyamula madzi a m'timapepala aiwala malonda. "Achimwene, musachiike padzuwa," akuchenjeza mkuluyo, ndipo chipewa chikuumira pamthunzi, pansi pa malata, kwa maola awiri.

Chakumadzulo telala wasiya makina ake opalasa n'kutenga singano. Chikopa chatsopano akuchilumikiza pamanja. Riboni yakuda ya mizeremizere akuizunguliza kunja, mfundo yake kumanzere monga zimakhalira pa zipewa za abambo, n'kuigwiritsa ndi ulusi m'malo ochepa osaoneka.

Kuitana kwa swala kukumveka kuchokera ku mzikiti. Ogulitsa akubwezera zotsala m'matumba, ndipo oitanira minibasi akufuula za ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25. Mkulu uja akudziyang'ana pa kagalasi kosweka ka telala, akupendeketsa chipewa pang'ono kudiso lamanja, n'kuchivula polonjera mayi wa tiyi. Akulowera kukamlatho. Kamphepo ka kumtsinje kakuwomba, ndipo akuwoloka dzanja limodzi lili pamutu.