Munthu wa Nkhope Cikwi

Pamene ndinali mwana, m'mudzi mwathu munali msuweni wanga wogontha. Iye ankalankhula ndi manja okha, ndipo ife anzace tinkamseka ndi kumthawa ngati cirombo. Manyazi a zimenezi anandigwira nditakula, pamene ndinawerenga mbiri ya munthu wina wa ku America, dzina lace Lon Chaney.

Chaney anabadwa pa 1 April 1883 m'mzinda wa Colorado Springs. Atate ace, amene anali ometa tsitsi, ndi amai ace, onse awiri anali ogontha. Cotero mwanayo anaphunzira kukamba nkhani ndi zala, maso ndi nkhope. Amai ace atagwidwa ndi nthenda ya nyamakazi, iye analeka sukulu akali wamng'ono kuti awasamale, ndipo ankawasangalatsa pakutsanzira anthu amene anawaona panja.

Atakula anayamba nchito ya masewero, kenaka analowa m'zithunzithunzi za kanema. Masiku amenewo zithunzithunzi zinalibe mau, ndipo wosewera anayenera kusonyeza mkwiyo, cisoni ndi cikondi popanda kuchula liu. Osewera ambiri anabvutika nazo, koma Chaney anali ataphunzira kale cinenero cimeneci pa mwendo wa amace.

Iye ankadzikonza yekha nkhope ndi thupi. M'caka ca 1920, m'cithunzi ca The Penalty, anapinda miyendo yace kumbuyo naimanga zolimba, kuti aoneke ngati munthu woduka miyendo, ngakhale kuti ululu wace unali waukuru. Mu 1923 anakhala Quasimodo, woliza mabelu wa linunda, m'cithunzi ca The Hunchback of Notre Dame. Mu 1925, m'cithunzi ca The Phantom of the Opera, anakokera mphuno yace m'mwamba nadetsa m'maso mwace, kufikira nkhope inafanana ndi cigaza ca munthu wakufa. Cifukwa ca zimenezi anthu anamucha Munthu wa Nkhope Cikwi.

Koma cimene cimandikhudza mtima ndi ici: anthu ankabwera kudzaopa, koma ambiri ankabwerera kwao ali ndi cifundo. Quasimodo anakwapulidwa pabwalo khamu likumseka, ndipo namwali mmodzi yekha anampatsa madzi akumwa. Woonera aliyense anayenera kudzifunsa: kodi ine ndikadaima ndi khamu lija, kapena ndi namwaliyo? Ine ndidziwa kumene ndinaima ndiri mwana.

Chaney anasewera m'cithunzi colankhula cimodzi cokha, The Unholy Three, mu 1930. Anamwalira pa 26 August caka comweco, ali ndi zaka 47, atadwala nthenda ya khansa.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula mudziwa kuwawa kwa kukhala ndi nzeru m'mutu, anthu nakuyesani wopusa. Msuweni wanga anasenza katundu ameneyu moyo wace wonse. Mukakomana ndi wogontha kapena wopunduka panjira, imani mumpatse moni, muyang'ane manja ace. Ali ndi mau oti akuuzeni.