Dzalanyama wofiira wa m'chilimwe

Okonda kukwera mapiri amati nyengo yake ndi ya chisanu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Seputembala akamatha, dzuwa litayamba kuswa mtengo, zikwama amazipachika. Ine ndinapita ku Dzalanyama m'nyengo yokanidwayo, ulendo wanga woyamba wokwera phiri, ndipo mpaka lero aliyense amene wandipatsa khutu ndikumuuza za nkhalangoyi.

Ife okulira ku Namitete, Msundwe ndi Mpingu, Dzalanyama timamuona tsiku ndi tsiku. Ndi mapiri aja andandalika kummwera ukamayenda pamsewu wa Mchinji. Timamudziwanso ndi njinga za makala zimene zimatulukira kumeneko mbandakucha, matumba atasanjikizana kupitirira mutu wa mwini njinga. Koma funsani pamsika kuti ndani analowamo kukangoona, osati kukatola nkhuni kapena kukafula bowa, mupeza ochepa kwambiri. Anzanga a kuntchito ndiwo anandikoka Loweruka lina. Tinapatuka pamsewu wa tara kusanache, n'kulowa m'misewu ya fumbi la katondo, kudutsa minda yosadzalidwa ndi zigafa za fodya zopanda kanthu.

Ndinkayembekeza tchire louma ndi lupsa. Lupsa linalipodi, pansi pali bii, udzu utapsa. Koma nditakweza maso ndinaima chilili. Mitengo ya tsamba ndi mombo inali itaphuka masamba atsopano, ndipo sanali obiriwira. Ena anali ofiira ngati magazi, ena ofiirira modera, ena achikasu, ena akuyamba kumene kubiriwira, phiri lonse psuu kuchokera m'tsinde mpaka pamwamba. Dzuwa la m'mawa likawomba kuseri kwa masambawo, kuwala kwake kumagwera pamiyala, mwala wotuwa n'kuoneka wofiira. Mvula inali isanagwe ngakhale dontho. Mitengo ya miombo imaphuka mvula isanabwere chifukwa mizu yake imapita pansi kwambiri ndipo imasunga chakudya, ndipo kufiirako kumateteza tsamba lanthete ku dzuwa mpaka litakhwima. Zimatha masabata ochepa okha. Wobwera mu Juni, nyengo imene onse amaitama, zimenezi sazionako.

Chilimwe chimavulanso phiri. Udzu wautali umene umabisa njira mvula ikangotha umakhala kulibe, choncho umaona pamene ukuponda, umaona matanthwe akuluakulu osanjikizana, mikwasa ya madzi ndi mapanga. Tinakwera thanthwe lina lalitali mokwawa, manja akutentha ndi mwala, miyendo ikunjenjemera. Pamwamba pake mphepo inatilandira. Kumpoto chigwa cha Lilongwe chinayala mpaka kosaoneka, malata a midzi akung'anima mu utsi wa chilimwe. Bambo amene ankatitsogolera, mkulu wa m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango, analoza kumsana kwa mapiri n'kutiuza kuti malire a Malawi ndi Mozambique adutsa pamenepo. Madzi ogwa mbali ya kuno amatsikira ku Nyanja ya Malawi, ogwa mbali inayo amapita ku Zambezi.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi madzi. Kumudzi zitsime zinali zitayamba kuphwa, amayi akulawirira kumjigo, koma m'khwawa lina pansi pa mitengo tinapeza kamtsinje kakuyenda, madzi ake ozizira mpaka kuwawa m'mano. Tinavula nsapato n'kuviika mapazi, nyenje zikulira mogonthetsa m'khutu. Timitsinje toterefe ndi timene timakumana n'kukhala Lilongwe, Likuni ndi Diamphwe. Madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, amene amamwetsa mzinda wa Lilongwe, amadalira nkhalango yomweyi. Munthu wotsegula mpopi ku Area 25 akumwa Dzalanyama.

Mkulu uja anatikumbutsanso zimene tinazimva tili ana, kuti m'mapiri omwewa muli Kaphirintiwa, pamene makolo a Achewa amati Chauta anatsitsira munthu woyamba pamodzi ndi nyama, mapazi awo n'kudindika pamwala udakali wofewa. Kumeneko kulinso Msinja, kachisi wa Makewana, kumene ankapempha mvula. Sitinafikeko, ndipo sindidandaula. Ndi malo opatulika, sapitako chipitepite popanda eni ake.

Sindingabise zimene zinandipweteka. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922 ndipo ndi ya mahekitala pafupifupi 99,000, koma m'mphepete mwake mwatsala zitsa ndi mabala akuda a mauvuni a makala. Mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali kuti akailondere. Sindingamutukwane mnyamata wokankha njinga ija, chifukwa ndikudziwa mtengo wa feteleza ndiponso ndikudziwa kuti makalawo amathera pambaula zathu zomwe. Komabe ukaimirira pansi pa mtengo wa tsamba wofiira chotero, n'kuganiza kuti ungathere m'matumba awiri, mtima umawawa mosiyana ndi pamene ukungomva pawailesi.

Azungu amachoka kutali kudzafuna mbalame za m'nkhalangoyi, monga gogomole wa Stierling amene sapezeka m'maiko ambiri. Ife tili pakhomo pake. Ulendowu sufuna zambiri: nsapato yogwira pamwala, chipewa, madzi okwanira, mbatata yootcha kapena chimanga chokazinga. Nyamukani usiku kuti dzuwa likamafika paliwombo mukhale muli pamthunzi m'khwawa, ndipo muyambe kutsika likapendeka. Pemphani chilolezo kwa a zankhalango, tengani munthu wa m'deralo wodziwa njira ndipo mumulipire bwino, chifukwa ndalama imeneyo ndi imene ingamuonetse kuti mtengo woimirira ulinso ndi phindu. Moto musayatse, ngakhale wa ndudu, poti nyengo ino tchire silichedwa kugwira.

Aphunzitsi a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, magulu a achinyamata a m'mipingo, inu a mabanki a m'mudzi: sonkhani ya galimoto, musankhe Loweruka limodzi kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, mupite ndi ana anu akaone Dzalanyama masamba asanabiriwire.