Ndege ya kuseri kwa shopu pa Nsaru

Ndakhala chete kwa kanthawi chifukwa mayeso a Fomu 4 anatipanikiza. Lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo masabata angapo.

Mwezi watha ndinalandira foni kuchokera kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Physics zaka zapitazo. Dzina sinditchula, koma a kalasi yake amudziwa kale, ndi uja ankamasula chilichonse chokhala ndi sikuluwu. Pano ndi bambo wa ana awiri ndipo amawotcherera zitseko, mafelemu a mawindo ndi ngolo pa Nsaru. Anangoti, "Aphunzitsi, mubwere mudzaone, ndatsala pang'ono kumaliza." Loweruka ndinakwera kabaza ulendo wa ku Nsaru.

Kuseri kwa shopu yake, pansi pa lona, panali ndege. Sindikunena kachidole ayi. Inali ndi mpando wa munthu mmodzi, mateyala atatu a wilibala, mapiko okutidwa ndi malata osalala, ndi injini ya njinga yamoto ya 125cc kumphuno. Pulopela anasema yekha kuchokera ku thabwa la mlombwa. Ataliza injini fumbi linati kobo, nkhuku kuthawa, ana kukuwa. Ndinaombera m'manja, ndipo sindinaombere mwachinyengo. Kuwotcherera kwake kunali kwaukhondo kuposa mageti ambiri a m'tauni. Kenako anati akufuna kudzaiyesa mvula isanayambe, pa msewu wafumbi wowongoka wopita cha ku Kabudula, ndipo ine ndidzakhalepo monga mphunzitsi wake. Apa m'mimba munatentha.

Ife a kuno timakula tikuona ndege. Zotsikira ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi timazionera m'munda khasu lili m'manja, ndipo wopita m'tauni pa msewu wa Mchinji amadutsa pa Airwing. Mwana aliyense wopanga galimoto yamawaya tsiku lina amafunsa kuti bwanji osapanga youluka. Ineyo ndi amene ndinkawalimbikitsa ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anapanga makina amagetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotola. Ndiye lero ndikanayamba bwanji kunena kuti usayese? Koma makina amphepo akakanika umangokhala mumdima. Ndege ikakanika pamakhala maliro.

Sindinamuyankhe tsiku limenelo. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti tiiyeze kulemera. Tinabwereka sikelo kwa wogula soya pamsika, n'kumaika teyala limodzi limodzi pasikelo, enawo titawakweza pa njerwa kuti ndegeyo ikhale yowongoka. Titaphatikiza tinapeza makilogalamu 190. Kuonjezera mwini wake ndi petulo, 260. Mapiko tinawayeza ndi tepi: mamita 5 kuchoka nsonga kufika nsonga, mita imodzi mulifupi. Masamu ake tinachitira pa chitseko chachitsulo ndi choko chake chojambulira. Kuti mapiko a masikweya mita 5 anyamule makilogalamu 260 mu mpweya wa kuno, ndegeyo iyenera kuthamanga pafupifupi makilomita 110 pa ola isanachoke pansi, ndipo apo ndawakomera mtima mapikowo powayesa opangidwa bwino. Ndati mpweya wa kuno chifukwa Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya ndi wopyapyala, phiko limanyamula zochepa ndipo injini nayo imafooka. Iye mwini ndi amene anati, "Njinga yake yomweyo siifika 110 itanyamula matumba asanu."

Anandikumbutsa za abale awiri a Wright, Orville ndi Wilbur, amene ndinawaphunzitsa ndekha m'kalasi. Anati si paja anali okonza njinga, ndipo injini yawo inali ya ma horsepower 12 okha, pafupifupi ngati yakeyi? Zoona. Koma vuto ndi langa, chifukwa ndinkaphunzitsa theka la nkhaniyo. Ndege yawo ya pa 17 Disembala 1903 inali ya matabwa opepuka ndi nsalu, ndipo mapiko ake anali masikweya mita 47, kuposa a mnyamata wangayu pafupifupi kakhumi. Asanaikemo injini anatha zaka zitatu, kuyambira 1900 mpaka 1902, akuulutsa ndege zopanda injini pa mchenga wa ku Kitty Hawk. Mu 1901 anapanga bokosi lopemereramo mphepo n'kuyesa timapiko tating'ono pafupifupi 200. Zonsezo, ulendo woyamba unatha masekondi 12 okha, mamita 37. Mbali ya zaka zitatu ija ndinkaithamangira chifukwa simabwera pa mayeso.

Masiku ano amene amapanga ndege kunyumba sayambira pa chitsulo cha pa hadiweya. Amagula zida zonse m'mabokosi kuchokera ku fakitale, zodulidwa kale, pamodzi ndi buku la malangizo, iwo n'kumalumikiza. Achinyamata 20 a ku South Africa analumikiza ndege ya anthu anayi yotchedwa Sling 4 motero, ndipo mu 2019 ena mwa iwo, kuphatikizapo mtsikana wa zaka 17 Megan Werner, anaiulutsa kuchoka ku Cape Town mpaka ku Cairo, n'kutera kuno ku Malawi panjira. Nkhani imeneyi ndimaikonda, koma ndimaiuza yonse. Ana aja ankagwira ntchito akuyang'aniridwa ndi akatswiri, ndipo ndegeyo inayesedwa isananyamule munthu ulendo wautali. Komanso pobwerera, mu Ogasiti chaka chomwecho, ndege yowaperekeza inagwa ku Tanzania itangonyamuka ku Tabora kulowera ku Lilongwe, ndipo oyendetsa awiri odziwa ntchito anamwalira, mmodzi mwa iwo bambo ake a Megan. Mlengalenga simuona nkhope.

Ndawerenga ndithu za mmene anthu olumikiza ndege zoterezi amagwirira ntchito, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti luso lawo lalikulu ndi la zinthu zotopetsa. Bokosi likafika amayamba awerenga kachidutswa kalikonse molingana ndi mndandanda asanagwire chida. Bowo lililonse limene aboola pa aluminiyamu amalipala m'mphepete kuti lisalale, chifukwa kamng'alu kamayambira pa kokhakhala, ndipo mabowowo ndi zikwizikwi. Bawuti ya ndege saisinthanitsa ndi ya pa geti ngakhale zifanane kukula, ndipo zambiri amazimanga ndi kawaya kuti zisamasuke ndi kunjenjemera kwa injini. Amasunga buku lolembamo zimene achita tsiku lililonse. Asanatseke phiko amaitana munthu wina wodziwa kuti adzasuzumire mkati, popeza diso la mwini limaona zimene likufuna kuona. Penti amapaka komalizira ndiponso mopyapyala, chifukwa penti ndi katundu, ndipo ikachuluka kumchira imasokoneza kakhalidwe ka ndege yonse. Pomaliza amaiyeza pasikelo monga tinachitira ife, ndipo siichoka pansi akuluakulu oyang'anira za ndege asanaione n'kuvomereza. Kuno kwathunso lamulo limenelo lilipo.

Amadandaulanso kuti ndege ikayamba kuoneka ngati ndege, m'pamene ntchito yeniyeni imayamba: mawaya, mapaipi a mafuta, zingwe zowongolera. Ife a kumudzi izi timazidziwa. Ndi nyumba zingati pakati pa Namitete ndi Mpingu zimene zinafika pa lintala n'kukhala zaka zisanu udzu ukumera m'kati? Mawu aja akuti ndatsala pang'ono kumaliza anali a munthu amene wafika pa lintala.

Ndiye ndinamuuza zoona, mkazi wake ali pomwepo. Ndinati, "Iwe, ndege iyi siuluka, ndipo ikadzati yauluka ndiye tsoka, chifukwa sudziwa kuitsitsa. Ine pamsewupo sindidzabwera." Anakhala chete nthawi yaitali. Ndalama zimene zinalowa mu ndegeyo zinali za fodya wa chaka chathunthu. Mkazi wake sanayankhule, anangolowa m'nyumba n'kutibweretsera thobwa.

Chimene ndinamupempha m'malo mwake ndi choti ayambe pomwe anayambira a Wright. Ku kalabu yathu ya sayansi timapanga tindege topanda injini, ndipo aphunzitsi amene mukufuna kuyesa, zida zake simugula. Thupi ndi kansungwi kowongoka kouma bwino. Mapiko timadula ku zoyera zopepuka zija amakutira wailesi kapena TV m'katoni, n'kuzipala ndi sandipepa kuti pamwamba pakhale pokhota, kutsogolo kokhuthala, kumbuyo kopyapyala. Mapiko awiriwo afanane ndendende, ndipo nsonga zake ziloze m'mwamba pang'ono, kuti kandege kakapendekeka kadziwongole kokha. Phiko limangidwe ndi mphira, osati guluu, kuti kakagwa lisunthe m'malo mothyoka. Chachikulu ndi ichi: ikani zala ziwiri pansi pa mapiko, pa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mulifupi kuchokera kutsogolo. Kandegeko kayime chowongoka. Kakagwera kumchira, matani kamsomali kapena dongo kumphuno. Poponya musaponye m'mwamba ngati mwala, kankhani pang'onopang'ono mphuno italoza pansi pang'ono. Kakakwera, kuima, n'kugwa chamutu, onjezerani kulemera kutsogolo. Kakathamangira pansi, chotsaniko. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse ndipo mwana mmodzi azilemba. Yeserani m'mamawa mphepo isanadzuke. Masana a mu Okutobala kamvulumvulu anatilanda kandege kathu kabwino kwambiri n'kukakaponya mu mtengo wa mango wa a mfumu.

Ena anganene kuti zimenezo n'zachibwana kwa munthu wa ndevu. Koma mu Novembala 2017 ophunzira a Chimalawi, mothandizana ndi a yunivesite ya Virginia Tech, anapanga kandege kopanda munthu kotchedwa EcoSoar ndi zipangizo zopepuka zotchipa, ndipo kanauluka makilomita 19 kuchoka pa chipatala cha Gogode kukatera pa bwalo la ndege la Kasungu. Mu 2020 kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy kuno ku Malawi. Ndinamuuza kuti manja ngati akewo kumeneko angawafune.

Sanandilonjeze kanthu. Masabata awiri sanandiimbire, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndataya mwana, kapena kuti tsiku lina ndidzamva za iye pa wailesi. Lachitatu lapitali wanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Injini ija yabwerera pa njinga. Ndege idakali pansi pa lona, sanaiphwasule, ndipo ine sindinamuuze kuti aiphwasule. Pambali pake pali phiko loyera la mita imodzi ndi theka, ndipo pansi walemba kuti, "Aphunzitsi, kakumagwera kumanzere, vuto n'chiyani?" Ndamuyankha kuti ayang'ane phikolo chakutsogolo diso limodzi atatsinzina, aone ngati mbali imodzi siinapotoke. Loweruka 6 koloko m'mawa tikakumana pa bwalo la mpira. Amene muli pafupi ndi Nsaru mubwere, ndipo wina atitengereko tepi yaitali yoyezera, yathu ya ku sukulu inaduka.