Galu wa pabolodi sasunga ngongole

Mphunzitsi wa mapulogalamu a kompyuta akafika pa mutu wa object-oriented programming, kawirikawiri amajambula galu pabolodi. Amati galu ndi nyama ndipo amauwa, choncho "Galu" atengere makhalidwe a "Nyama". Ophunzira amagwedeza mitu ndipo mayeso amakhoza. Mavuto amayamba akapatsidwa ntchito yeniyeni, monga kulemba pulogalamu yosunga ndalama za banki mkhonde. M'menemo muli ngongole, chiwongoladzanja ndi tsiku lobwezera, zinthu zosagwirika ndi manja, ndipo wophunzira amasowa poyambira.

N'zoona kuti njirayi inabadwira m'kutsanzira zochitika zenizeni: Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard a ku Norway anapanga chilankhulo cha Simula m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga chimenecho. Komabe m'chaka cha 1988, Edsger Dijkstra wa ku Netherlands anachenjeza kuti kufanizira chinthu chachilendo ndi chozolowereka kumasokeretsa wophunzira. Pamasamu, sikweya ndi mtundu wa rekitango. Koma m'pulogalamu yolola kusintha mulitali osakhudza mulifupi, sikweya ikalowa m'malo mwa rekitango zinthu zimasokonekera. Mfundo imene Barbara Liskov anafotokoza mu 1987 ndi yoti chofunika ndi kachitidwe ka chinthu, osati maonekedwe ake.

Mphunzitsi wanzeru amayamba ndi lamulo. Amauza ophunzira kuti ndalama zotsala mu akaunti zisatsike pansi pa ziro, kenako amawalola kulemba pulogalamu imene gawo lililonse lingasinthe nambalayo. Posakhalitsa wina amaiwala kufufuza, ndipo akaunti imaonetsa ndalama zimene kulibe. Apa m'pamene amawaonetsa kubisa nambalayo, n'kusiya njira ziwiri zokha zoifikira: kuika ndi kutapa, ndipo yotapayo imakana kupitirira ndalama zimene zilipo. Ophunzira amazindikira okha kuti object ndi chidziwitso pamodzi ndi malamulo ochiteteza. David Parnas analemba za kubisa kotereku mu 1972.

Njira iyi ndi yochedwa, ndipo masiku oyamba ophunzira amadandaula. Koma achinyamata ameneŵa ndiwo adzalembe mapulogalamu otumizira ndalama pafoni ndi osunga kaundula wa odwala. Akalakwitsa, wolira ndi mayi amene masheya ake a chaka chonse asokonekera pa tsiku logaŵana. Choncho funso loyamba m'kalasi likhale lakuti: n'chiyani chimene sichiyenera kusokonekera?