Nganganga ya ku Unit O

Bambo anga ankakana kutchedwa wotsatira Dynamos. Ankati kutsatira n'kwa kutchalitchi ndi kwa nkhosa. Wochemerera nayenso ankamupeputsa, ati pakamwa pake pamatseguka chigoli chikalowa basi. Iwo ankadzitcha nganganga. DeMbare ikagonja ku Rufaro, ankafika kwathu ku Unit O kutada, nsima osaikhudza, koma jezi yabuluu osavula.

Anansi athu olankhula Chishona amati vatsigiri, ochirikiza, ngati mzati wa denga. Limenelo bambo ankalivomerako pang'ono.

Dzulo mwana wanga anandionetsa omutsatira pa Facebook. Ndinamufunsa kuti ndi angati mwa iwo anadzagona pasiwa agogo ake atatisiya. Anangoseka, nati zimenezo n'zosiyana. Sindinamuuze kuti jezi ija tinawaika nayo m'manda.