Kulondola Mapazi a Msilikari wa Kwathu

Kwathu ku Mvera munthu akamwalira timadziwa pamene wagona. Abale amakumba manda, naika maliro, ndipo pakapita masiku amameta tsitsi, nabalalika. Mwana wobadwa m'mbuyo akafunsa, akulu amapita naye kumsitu namuonetsa mtumbira. Koma alipo ena a m'mapiri muno mwa Dowa ndi Ntchisi amene alibe mtumbira kwao. Amenewa ndiwo anyamata amene anapita ku nkhondo za Azungu osabwerako. Mmodzi wa iwo anali mlongo wao wa agogo anga akazi, amene akadakhala mwini mbumba wathu.

Agogo anali kutiuza zinthu zitatu zokha: kuti mlongo wao analowa Keyala, kuti anaoloka nyanja yamcere, ndi kuti tsiku lina mesenjala anabwera ndi kalata yocokera ku Boma la Dowa. Kalatayo inali ya Cizungu. Iwo anaisunga m'kacitini pamodzi ndi mikanda yao kufikira imfa yao. Mpaka ukalamba anali kufunsa kuti, "Kodi mwana wa amai anagona dziko liti?" Funso limeneli ndilo cuma cimene anatisiyira.

Safunsa anadya phula. Cifukwa cace ndinayamba ndi akulu a m'mudzi. Iwo anandiuza kuti munthuyo anali ndi maina awiri, la ubwana ndi lina limene analandira ku sukulu ya Misyoni. Pamenepo ndinazindikira cinthu cimene cimasokeretsa ambiri. Ife Acewa timadziwa munthu ndi mtundu wa amai ace, koma alembi a nkhondo kawirikawiri anali kulemba dzina la munthu ndi la atate wace, monga momwe makutu ao anamvera. Motero dzina la m'buku lingathe kusiyana ndi la kumudzi. Cimene sicisintha ndi nambala ya msilikari, ndipo nambalayo inalipo pamwamba pa kalata ya agogo.

Kuli bungwe lochedwa Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda ndi maina a asilikari a maiko amene anali pansi pa Britain pa nkhondo ziwiri zazikulu. Mndandanda wace uli pa intaneti, ndipo munthu aliyense angathe kuufufuza wosalipira. Mphunzitsi wina anandithandiza kulembamo nambala ija. Taonani, munthu wathu anaturukira! Dzina linali lopotoka pang'ono, koma nambala inali yomweyo. Panalembedwa kuti anali wa gulu laciwiri la Nyasaland la King's African Rifles, ndiyo Keyala, ndi kuti anafa m'mwezi wa Novembala 1944.

Nditadziwa gulu lace, ndinapita ku Zomba, kumene kuli nyumba yosungiramo makalata akale a Boma. Kumeneko ndinawerenga za ulendo wa gululo. Asilikari a dziko lino anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland m'caka ca 1940 ndi ku Abyssinia m'caka ca 1941. Pambuyo pace ambiri anaikidwa m'khamu lalikulu lochedwa 11th East African Division, limene linaphunzira nkhondo ya m'nkhalango pa cisumbu ca Ceylon, cimene lero ticicha Sri Lanka. M'caka ca 1944 anawatumiza ku Burma, ndiye Myanmar wa lero, kukathamangitsa asilikari a Japan. Anayenda m'cigwa ca Kabaw nthawi ya mvula yaikulu, misewu itasanduka matope, malungo ali paliponse. Pofika kuciyambi kwa Disembala analanda mudzi wa Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. Mlongo wa agogo anagwa pa ulendo umenewo, atatsala masabata owerengeka kuti aone mtsinjewo.

Dzina lace lili pa cipilala ca Rangoon, m'manda a asilikari a Taukkyan, pafupi ndi mzinda wa Yangon. Pamenepo panalembedwa maina pafupifupi 27,000 a anthu amene anafera m'dzikolo koma manda ao sanapezeke. Mnyamata amene anali kuweta mbuzi m'mapiri a Mvera ali pakati pao.

Ndili ku Zomba ndinakaonanso nsanja ya cikumbutso ya Keyala, pamene pali maina a asilikari a nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918. Nkhondo imeneyo makolo athu anaicha ya Ciwaya, ndipo inafika m'dziko lino ndithu, pakuti pa 9 Sepitembala 1914 anamenyana ndi Ajeremani pa Karonga. Koma amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira nchito ya tengatenga, kusenza ufa ndi zipolopolo pamutu, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda, osalembedwa pa mwala uliwonse. M'caka ca 2021 bungwe lija la manda linabvomera poyera kuti anthu oposa 116,000, makamaka a mu Africa ndi maiko a kum'mawa, sanakumbukiridwe ndi maina ao. Banja lathu linacita mwai, pakuti ife tinali ndi nambala.

Inu anzanga amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu, mwalandira mfungulo. Tsegulani mabokosi a makolo anu. Mukapeza kalata yakale, kapena mendulo, kapena cithunzi ca munthu wobvala zankhondo, musataye, ndipo musalole ana kuseweretsa. Kopani nambala m'buku lanu. Funsani nkhalamba zilipobe, ndipo mulembe maina onse a munthuyo, dzina la atate wace, la mfumu yace ndi la mudzi wace. Ndi zimenezi mudzapeza njira.

Ife tinasonkhanitsa mbumba yonse, ndipo ndinawawerengera mokweza dzina, gulu, mwezi ndi dziko. Amai ena okalamba analira monga maliro acitika dzulo. Caka comweco mlongo wanga anabala mwana wamwamuna, ndipo akulu anamucha dzina la msilikariyo. Tsopano dzinalo limveka m'mudzi m'mawa ndi madzulo, pamene amace aitana mwana kuti adzadye nsima.