Ndege Imagwera Pansi Isananyamuke

Ife Amalawi okhala ku Phokeng, likulu la mtundu wa Abafokeng, ndege timangoionera m'mwamba. Bwalo lalikulu la ndege m'dera lino ndi la Pilanesberg, kufupi ndi Sun City, malo achisangalalo amene Sol Kerzner adatsegula m'chaka cha 1979, dera lino likadali pansi pa Bophuthatswana ya Lucas Mangope. Bwalolo adalimangira alendo a ndalama zawo. Ife tikafuna kukaona kumudzi timakwera basi ku Johannesburg, n'kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, mpaka kukalowa pa Mwanza miyendo itatupa. Komabe nkhani yokonza bwaloli imandikhudza, ndipo gwero lake n'lakale.

Bambo anga adali mmodzi mwa amuna amene ankapita ku Joni pa ndege za Wenela. Pa 4 Epulo 1974, ndege ya bungweli ya mtundu wa DC-4 idagwa itangonyamuka pa bwalo la Francistown ku Botswana. Anthu oposa 70 adafera pomwepo, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo kuchokera kumigodi. Ofufuza adapeza kuti mafuta amene adathira m'ndegeyo adali osakanikirana ndi a ndege za mtundu wina. Kamuzu Banda adaletsa Wenela kulembanso anthu m'Malawi. Bambo sadali m'ndegeyo, koma mpaka ukalamba wawo ankakonda kundiuza kuti ndege imagwera pansi isananyamuke: wolakwitsa amakhala munthu amene watsala pabwalo, ndipo wokwera sadziwa kanthu.

Mawu amenewa adandiphunzitsa kuyang'ana bwalo la ndege mosiyana ndi mmene mlendo amaliyang'anira. Mlendo amaona nyumba yowala yodikiriramo. Koma moyo wake uli m'manja mwa zinthu zosaonetsa ulemerero: mpanda wozungulira bwalo, magetsi a m'mbali mwa msewu wa ndege, galimoto yozimitsira moto, ndi munthu woyesa mafuta m'mawa uliwonse. Kwathu tidaziona zimenezi mu Januwale 2019, pamene South African Airways idayamba yaleka kutera pa Chileka chifukwa cha mpanda woonongeka ndi kuchepa kwa zipangizo zozimitsira moto. Ku Pilanesberg nkhani ya mpanda njaikulu koposa, pakuti bwaloli layandikana ndi nkhalango yosungirako nyama. Njiri imodzi yokha italowa pa msewu wa ndege ingathe kuliritsa mabanja ambirimbiri. Ndipo mu Ogasiti 2023 moto udanyeketsa nyumba yaikulu ya pabwalopo, kutikumbutsa kuti zozimitsira moto si za tsiku la ngozi ya ndege lokha.

Sikuti ndalama sizidafikepo m'dera lino. M'chaka cha 2010 bwalo la zamasewero la Royal Bafokeng lidalandira mpira wa chikho cha dziko lonse. Timu ya England inkagona ku Phokeng konkuno, ndipo pa 26 Juni Ghana idagonjetsa United States ndi zigoli 2 kwa 1, ife tikuvina ngati ndife a ku Accra. Misewu idakonzedwa, alendo adabwera, adapita. M'chaka cha 2015 boma la chigawo cha North West lidagwirizana ndi kampani ya SA Express kuti ndege zake zizitera ku Pilanesberg ndi ku Mahikeng. Pambuyo pake bungwe lofufuza za katangale lotsogozedwa ndi Jaji Raymond Zondo lidamva umboni woti zina mwa ndalama za mgwirizanowo zidalowera kwina. Mu Meyi 2018 akuluakulu oona za maulendo a pandege adaimitsa ndege za kampaniyi pa zifukwa za chitetezo, ndipo m'chaka cha 2020 idagweratu. Akuluakulu adanena kale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chodabwitsa n'chakuti phunziro lotsutsana ndi khalidwe lotere lili m'mbiri ya eni dera omwewa. M'zaka za m'ma 1800, Kgosi Mokgatle adatumiza anyamata ake kumigodi ya dayamondi ku Kimberley, ndipo gawo la malipiro awo lidagulira mtunduwo minda. Panthawiyo panalibe wodziwa kuti pansi pa mindayo pali pulatinamu. Atalimbana kwa zaka zambiri m'mabwalo a milandu, Abafokeng adagwirizana ndi Impala Platinum m'chaka cha 1999 za gawo lawo la phindu. Mokgatle adayamba ndi nthaka, chinthu chimene sichiombetsa m'manja pa tsiku logula, ndipo zidzukulu zake zidadyerera.

Choncho ndikamva akuluakulu akulankhula zotukula bwalo la ndege, kaya ndi la Pilanesberg, la Chileka kapena la Mzuzu, chithunzi cha nyumba yatsopano sichindisuntha mtima. Ndimafuna kumva kuti mpanda adzauyendera ndani mlungu uliwonse, galimoto yozimitsira moto idzathiridwa mafuta kuchokera m'thumba liti, ndipo woyesa mafuta a ndege adzalipidwa bwanji mwambo wotsegulira utatha. Inu ophunzira amene mudzalembe ndondomeko za chuma cha maboma athu, mafunso amenewa mudzawafunse poyamba. Mwana wanga wamkazi akuti adzapita ku Blantyre pa ndege, basi waikana. Ndamuvomera, ngakhale mpanda wa kumene akanyamukire ndi wa kumene akatere sindingathe kuuyendera ndekha.